Elina Sanathire Madzi Pakhoma

Mkazi wanga Elina anamwalira khoma la nyumba ya sukulu litamugwera, ndipo ofesi imene inamanga nyumbayo ikuti anadzigwetsera yekha. Akuti ankathira madzi otsukira mbale m'tsinde mwa khoma mpaka nthaka inafewa. Mawu amenewa anandiuza pamaso, ine nditaimirira, iwo atakhala pamipando. Anauzanso ena ine kulibe. Pano afika kwa amayi ake.

Ndikulembera inu aphunzitsi anzanga a kuno ku Sinda ndi a ku Katete, ndiponso aliyense amene anapatsidwa nyumba ya njerwa nawomba m'manja. Ofesiyo sinditchula dzina. Mukuidziwa: ija ya khonde lalitali, imene malole ake amatula njerwa ndi malata m'masukulu a kumidzi. Kulira ndinalira kumudzi, pano sindilira. Ndinena zimene ndinaona motsatana, kenaka ndifunsa.

Anamanga nyumba ziwiri zofanana pasukulu pathu, ina yathu, ina ya mphunzitsi mnzanga, a Njobvu. Maziko anakumba m'nyengo yachisanu, mvula italeka kalekale. Ndinalipo. Dothi la pamalopo ndi lofiirira, lamchengamchenga, ndipo likauma limalimba ngati njerwa yootcha. Kapitawo wa omanga aja anatenga piki, namenya pansi, piki inadumpha. Anatembenukira kwa ine akuseka, nati pamalo ngati apa ngakhale tchalitchi chikhoza kuima, kukumba mozama n'kungotopetsa anthu. Anakumba kufika m'bondo, naleka. Kuyesa nthaka kwawo kunali komweko. Piki imodzi, kumenya kamodzi, tsiku louma.

Kuseri kwa nyumba iliyonse anamanga thanki ya njerwa yosungira madzi a mvula ochokera padenga. Anaigunditsa kukhoma lenileni la chipinda chogona, kuti khoma limodzi ligwire ntchito ziwiri. Pamwamba pake anaika paipi yotayira madzi thanki ikadzaza. Paipiyo inali yaifupi. Inatsika n'kuthera pansi pomwepo, pangodya ya nyumba. Ndinafunsa kuti madzi osefukira adzapita kuti. Kapitawo anati ngalande adzamanga pambuyo pake, simenti yatha. Sungani mawu amenewa, simenti yatha, chifukwa tikumana nawonso kutsogoloku.

Tinalowa mu Ogasiti. Elina anakondwera ndi thankiyo kuposa malata ndi mawindo. Chitsime chathu chili kudambo, kutali, ndipo pobwerera ndi chitunda chokhachokha. Ankapita m'mamawa ndi madzulo, mtsuko pamutu, mwana wathu Esitere kumsana. Akatula mtsuko ankagogoda thanki yopanda kanthu ija ndi chala, n'kundiuza kuti, “Bambo a Esitere, mvula ikangobwera, khosi langali lipita patchuthi ngati aphunzitsi.”

Mvula inabwera mu Novembala. Thanki inadzaza msanga, poti denga lonse linkathira m'menemo. Paipi ija inayamba ntchito yake yokhuthulira madzi pangodya. M'munsi mwa thanki namo munayamba kuchucha. Ndinakumba kangalande ndi khasu kuti madzi apite kutali, koma sankafikako n'komwe, ankangomira pomwepo ngati pansipo pali pakamwa. Posakhalitsa chitseko cha kuchipinda chinayamba kukana kutsekeka. Kenaka mng'alu unayambira pawindo n'kutsika mopingasa kulowera kuthanki. Pansi pafupi ndi paipi panalowa ngati mbale.

Ndinakwera njinga kupita ku Katete. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Kalaliki wa pakhomo, bambo wa magalasi amene amalankhula akuyang'ana zala zake, anandimvera mpaka kumapeto. Anati nyumba yatsopano imatero, imafuna pokhala, ngati mkamwini wongofika kumene pamudzi. Anaseka yekha. Anati ife aphunzitsi tinazolowera nyumba za udzu, ndiye njerwa ikangotsokomola timathamangira kuofesi. Ndinamuuza kuti m'chipindamo mumagona mwana wa zaka ziwiri. Anati iyenso ali ndi ana. Ndinapempha kuti wina adzaone pansi, osati khoma, chifukwa khoma likungotsatira pansi. Anati auza kapitawo.

Anatumizadi munthu. Mmodzi, atanyamula ndowa ya simenti yokanda ndi kachitini ka laimu. Anamata mng'alu, napaka laimu, nasema chitseko m'munsi kuti chizitsekeka. Kuseri sanazungulireko. Elina anamuphikira tiyi. Pochoka anatiuza kuti tsopano tizigona mtima uli pansi. Khoma linayera bwino, sindikana. Kodi chilonda ukachiphimba ndi nsalu yoyera ndiye kuti chapola?

Kumayambiriro kwa Disembala kunagwa mvumbi wa masiku angapo. Tsikulo ndinali m'kalasi, m'mawa, ndikulemba masamu pabolodi. Esitere anali kwa a Njobvu akusewera ndi ana awo. Elina anali kuchipinda, pafupi ndi windo, akusoka kadiresi ka Khirisimasi, chifukwa kwina konse m'nyumbamo kunali mdima wa mitambo. Ndinamva phokoso ngati lole ikukhuthula miyala. Ana anasiya kulemba.

Zimene ndinapeza m'katimo sindilemba. Ndilemba chimodzi chokha, chifukwa ndi chimene akufuna chiiwalike. Ngodya ya kuthanki inali itatitimira pansi kufika pamsongolo. Thanki inali itapendekera m'nyumba, itang'ambika, madzi ake ali m'chipinda. Njerwa zinagwera m'kati. Mbali ina ya nyumba, yakutali ndi thanki, inali chiimire, ngakhale galasi la windo silinasweke. Ndinaona ndi maso anga. A Njobvu anaona. Amuna a m'mudzi amene anathandiza kuchotsa njerwa anaona.

Ofesi inatipatsa lole yonyamula maliro kupita kwawo kwa Elina, kufupi ndi Mkaika. Ndinathokoza, ndipo ndinathokoza ndi mtima wonse. Kapitawo anabwera nafe. Anakhala pakati pa amuna, anaimba nawo nyimbo, ananyamula nawo bokosi. Ndinati mumtima, anthu awa ali ndi umunthu.

Ndinakhala kumudziko mpaka tinameta. Pobwerera kusukulu ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinaima. Thanki kunalibe. Njerwa zake kunalibe, ngakhale chibenthu. Paipi kunalibe. Pamene panatitimira anali atathirapo dothi lina la miyala, lochokera kwina, n'kulisinja bwinobwino mpaka kusalala. Mlendo akanati panalibe kanthu chiyambire.

Akazi a a Njobvu anandiuza kuti lole ina inafika m'mawa wa tsiku la maliro, ife tili kumanda. Anthu ake anagwira ntchito ndi changu chimene amayiwo sanachionepo nthawi yonse yomanga. Atawafunsa, anati akuchotsa zoopsa kuti ana asavulale. Chigawo cha khoma chimene chinatsala chopendekera, chimene chikanagweradi ana, anachisiya. Anachotsa thanki.

Kenaka amayiwo ananditengera kuseri kwa nyumba yawo. Thanki yawo anali ataikhuthula. Anali ataikapo paipi yatsopano, yaitali, ndi ngalande ya simenti yopita kutali, kumunsi kwa bwalo. Simenti ija inatha inapezeka. Inapezeka tsiku limene tinkaika Elina m'manda.

Ndinapempha a Njobvu kuti tipite limodzi kuofesi, akanene zimene anaona. Ndi munthu wabwino. Ndi iwo anandigwira mapewa tsiku lija kuti ndisagwe. Anakanda kumutu, nati kapitawo anawayenderanso payekha, nawakumbutsa kuti nyumba yabwino ngati imene akukhalamo aphunzitsi ambiri akuifuna. “Achimwene, ndili ndi ana asanu,” anatero. Sindinawakakamize. Akazi awo anaima pakhomo manja m'chiuno, nati iwo sanayenderedwe ndi munthu, ndipo maso awo si a ofesi.

Ndinapitanso ku Katete ndekha. Ndinakhala pabenchi ya pakhonde kuyambira m'mawa. Kalaliki anati abwana kulibe, apita ku Fort Jameson. Galimoto ya abwana inali kuseri, pansi pa mtengo, ndipo wina ankaitsuka. Mwina abwana anapita wapansi. Dzuwa litapendeka kalaliki anandiitana, napepesa za maliro, nati nkhani yanga inafufuzidwa kale ndipo inatha. Ndinafunsa kuti anafufuza liti, popeza ine wokhala m'nyumbamo sanandifunse kanthu. Anati sanafune kundivutitsa pa nthawi ya chisoni.

Ndiye anandiuza. Anati zapezeka kuti malemu anali ndi chizolowezi chothira madzi otsukira mbale ndi osamba m'tsinde mwa khoma, tsiku ndi tsiku, ndipo ndi madzi amenewo anawononga maziko. Anati ofesi siikuimba mlandu munthu aliyense, kungoti amayi ambiri akumudzi sadziwa kasamalidwe ka nyumba ya njerwa.

Ndinafunsa kuti anamuona ndani. Anati anthu. Anthu ati? Anati anthu a pamalopo. Ndinati pamalopo tilipo mabanja awiri, langa ndi la a Njobvu, nanga mwa ifeyo ndani? Anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nati iye ndi wongouzidwa. Ndinafunsa womuuzayo. Anati nthawi yotseka yakwana.

Sindinakweze mawu. Ndinatenga chipewa changa.

Lamlungu lotsatira ndinapita kukaona Esitere, amene tsopano akukhala ndi agogo ake kumudzi kwa amake, monga mwa mwambo wathu. Apongozi anga sakhala pafupi nane, ndipo sitiyang'anana kumaso. Tsikulo anayala mphasa patali, cha kunkhokwe, atandipatsa mbali, nayamba kulankhula ngati akuuza nkhokweyo. Anati masiku ano akafika pachitsime amayi amaleka nkhani. Anati wina ananena, mosatsitsa mawu kwenikweni, kuti mwana wosalangizidwa amadzigwetsera nyumba. Anati pamaliro paja kapitawo wa kuofesi uja anapita kumene amayi ankaphika, napempha madzi akumwa, nayamba kucheza: kodi malemuwa anali aukhondo, kodi madzi otsukira ankataya kuti, kodi si paja atsikana amakono amangothira pakhomo pomwepo? Palibe anamuyankha, poti amayi a kumudziko nyumba yathu sanaionepo. Koma funso likafunsidwa pamaliro silifa. Linayenda khomo ndi khomo mpaka linasanduka yankho.

Kenaka apongozi anachita chimene sanachitepo chikwatirireni mwana wawo. Anatembenuka nandiyang'ana.

“Bambo a Esitere, mwana uja ndinamulangiza ndekha. Ndiuzeni zoona, ndipirira. Ankathira?”

Ndinati ayi. Anati iwo akundikhulupirira, koma ayi wa mwamuna wofedwa salemera pachitsime, aliyense amati akubisa manyazi a mkazi wake. Analoza Esitere, amene ankatola timiyala pabwalo, nati uyu adzatunga pachitsime chomwecho.

Nkhani yanga ndi imeneyi. Nyumba ina sindikuifuna. Sindinapite kuofesi kukapempha kanthu ka m'manja. Ndikufuna mwana wanga akule asakumva kuti amake anadzipha ndi madzi a mbale.

Kukoleji sanatiphunzitse zomanga nyumba. Anatiphunzitsa kuti chinthu ukachikayikira uchiyese ana akuona. Ndinalowa m'chipinda chimene chinatsala, ndinaswa pansi, ndinakumba dothi louma limene mvula sinalikhudze, n'kulisema mosamala kuti lilowe lathunthu m'zitini, osaliphwanya. Mukalitenga m'manja n'kuliyang'anitsitsa padzuwa, dothi limeneli lili ndi timabowo tambirimbiri ngati buledi wa kusitolo. Ndi mchenga wogwirizidwa ndi kadongo kochepa, pakati pake mpweya wokhawokha. Kulimba kwake konse ndi kadongo kouma kaja.

Pa chitini choyamba ndinaika kathabwa, ndinasanjika njerwa, mpaka ndinaimapo ndekha. Dothi silinasunthe. Piki ya kapitawo sinaname. M'chachiwiri ndinathira madzi popanda kusanjika kanthu. Dothi linamwa, linada, koma linakhala pamene linali. Pa chachitatu ndinasanjika njerwa, kenaka ndinathira madzi m'mbali. Kapu isanathe, njerwa zinatsika. Osati pang'onopang'ono. Zinatsika kamodzi, ngati munthu amene miyendo yamuthera.

Kulemera kokha, dothi limeneli limapirira. Madzi okha, limapirira. Ziwirizi zikakumana, kadongo kamasungunuka, timabowo timatsekeka, ndipo chimene chili pamwamba chimatsatira. Tsono pa nyumba yonse ija, ndi pati pamene panali kulemera koposa ndi madzi oposa pamalo amodzi? Ana anga a m'kalasi akhoza kuyankha osakweza dzanja.

Ndinasema chitini china, ndinachimanga pakaliyala ya njinga pamodzi ndi njerwa ziwiri, ndinapita kachitatu. Ulendo uno ndinauza kalaliki kuti sindichoka pabenchi mpaka abwana abwere kuchokera kulikonse kumene amapita galimoto yawo itatsala. Anatuluka masana. Ndi mzungu wamtali, waulemu pakamwa. Ndinawalankhula m'Chingerezi. Anayankha akuyang'ana kalaliki, kuti kalalikiyo andimasulire zimene ndinali nditamva kale. Tinayenda choncho mpaka kumapeto, ine kulankhula kwa abwana, abwana kwa kalaliki, kalaliki kwa zala zake.

Abwana anati nthaka inayesedwa asanamange, naitanitsa kapitawo kuti atsimikize. Kapitawo anati piki inkadumpha, aphunzitsi omwewa analipo. Ndinavomera kuti ndinalipo. Ndinaika chitini pakhonde, kathabwa, njerwa ziwiri, ndinapempha kapu ya madzi. Amene ankadikira pabenchi anaimirira kudzaona. Ndinathira. Njerwa zinatsika pamaso pa onse, ndipo bambo wina wachikulire anagwira pakamwa.

Abwana anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, anakhudza dothilo ndi chala. Ndinaona nkhope yawo. Sinali nkhope ya munthu amene akuona chinthu koyamba. Ataweramuka analankhula kwa kalaliki, ndipo kalaliki anandiuza:

“Abwana akuthokoza. Akuti mwasonyeza nokha zimene ofesi inapeza. Ndi madzi.”

Ndinafunsa kuti madzi a yani. Beseni la mbale, kapena denga lonse la malata m'mwezi wa mvula? Nanga kulemera kunachokera kuti, m'mbale za Elina kapena m'thanki yodzaza? Abwana anati za thanki n'zovuta kunena tsopano, popeza thankiyo palibe. Ndinati ndikudziwa kuti palibe, ndikufunsa amene anaichotsa. Anati inachotsedwa chifukwa khoma linaiwononga pogwa. Ndinati khoma linagwera m'kati, thanki inali panja. Kodi khoma limagwera mbali ziwiri? Ndinafunsanso chifukwa chimene anathamangira kukatalikitsa paipi kwa a Njobvu, ngati vuto linali mkono wa mkazi wanga. Kodi ankaopa kuti Elina adzuka kukathira madzi kumenekonso? Anati kumeneko kunali kukonza wamba, anali atakulinganiza kale. Anayang'ana wotchi. Anauza mesenjala kuti asese pakhonde, chifukwa aphunzitsi adetsapo.

Kapitawo ndinamupeza pamene ndinatsamiritsa njinga. Ndinamufunsa motsitsa mawu.

“Bambo, kumaliro kuja munabwera kudzalira, kapena kudzafunsa?”

Anayang'ana tayala la njinga yanga. “Ndinatumidwa, aphunzitsi.”

“Kudzachita chiti mwa ziwirizo?”

Anati mvula ikubwera, ndifulumire, msewu uterera.

Ndisanakwere, kalaliki anandithamangira. Analankhula mofatsa ngati mbale wanga. Anati masiku ano a boma la chitaganya mphunzitsi wosonkhanitsa anthu pakhonde la ofesi amayesedwa wandale, ndipo dzina likalowa m'makutu ena silituluka. Anati komabe akuluakulu akundimvera chisoni, ndipo amva kuti kusukulu ina cha ku Vubwi kukufunika mphunzitsi. Si kwanu kumeneko? Mungakapumitse mtima, kutali ndi zokumbutsa.

Kwathu ndi kumenekodi. Sindinamuuzepo. Ofesi ya njerwa ndi malata inadziwa bwanji kwathu, ndipo inayamba liti kusamutsa aphunzitsi?

Sindikunena kuti ankadziwa za dothili asanamange. Zimenezo sindikudziwa, ndipo chimene sindikudziwa sindilemba. Chimene ndikudziwa n'chakuti anadziwa msanga pambuyo pake, manda asanakwiriridwe n'komwe, ndipo m'malo mobwera kudzanena kuti tinalakwa, anasaka munthu amene sangayankhe. Anachotsa thanki, anachotsa paipi, anakwirira dzenje, anatseka pakamwa pa mnzanga. M'maganizo awo chatsala choti achotse ndine.

Pali china chimene anaiwala, ndipo anachiiwala chifukwa bodza limeneli analipanga amuna amene sanasenzepo mtsuko. Funsani mayi aliyense wa kuno amene amakwera chitunda chochokera kudambo mu Okutobala, khosi likuwawa, mwana akulira kumsana. Madzi amenewo satayidwa. Amene wasambitsira mwana amachapira nsalu. Amene watsukira mbale amakathirira kanthu. Elina anali ndi kanthu kake. Sabata imene tinalowa m'nyumbamo anabzala kamtengo ka papaya kumapeto kwa bwalo, kutsogolo, mbali yosiyana ndi thanki, nakatchinga ndi minga kuopa mbuzi. Beseni lililonse la mbale linkapita kumeneko. Ndinkamuseka kuti akuyenda ulendo wautali chifukwa cha kandodo ka masamba awiri. Ankayankha kuti Esitere adzadya mapapaya, ine ndidzadya choko.

Mu Okutobala, pamene udzu wonse unapsa ndipo mitengo inayoyola masamba, pabwalo lonse la sukulu chinthu chobiriwira chinali chimodzi. Ana asukulu anachiona. Amayi opita kudambo ankaima n'kumufunsa kuti akumuthira mankhwala anji. Papaya wobzalidwa mu Ogasiti pa dothi lija sangafike mu Novembala popanda womuthirira tsiku ndi tsiku. Mvula itabwera Elina sanasiye, mwendo unali utazolowera. Kanjira kake kakuonekabe, kochokera pathandala la mbale kukafika pamtengopo, ndipo udzu wa dzinja lino ukuzengereza kumerapo. Ngati madzi a Elina ankapita kukhoma, papayayu ankamwa chiyani?

Tsono ndikufunsa, ndipo ndikufunsa poyera. Ndani anaona Elina akuthira madzi pakhoma? Atchulidwe dzina, aime pamaso panga. Ndani analamula kuti thanki ichotsedwe tsiku la maliro, ndipo njerwa zake zili kuti? Ndani anatuma munthu kukafunsa mafunso pamene amayi ankaphikira olira? Ndipo ndi masukulu angati ena amene ali ndi thanki yogundana ndi chipinda chogona, pa dothi loyesedwa ndi piki tsiku louma?

Inu amene muli m'nyumba zotere, zungulirani kuseri lero lomwe. Onani kumene paipi ikuthera. Ngati madzi akumira pangodya m'malo moyenda, ngati chitseko chayamba kukana, musalandire munthu wa laimu. Tulutsani ana m'chipindamo. Ndipo dziwani kuti tsiku loipa likadzafika, ofesi ili nalo kale dzina loti idzatchule, ndipo ndi la mkazi wanu.

Kwa ofesiyo ndikupempha chinthu chimodzi, chosafuna simenti. Munthu amene anapita kukafunsa kumaliro abwererenso kumudzi komweko, masana, aime pachitsime amayi akutunga, apongozi anga ali pomwepo, anene kuti Elina sanathire madzi pakhoma. Lole muli nayo. Njira mukuidziwa.

Ku Vubwi sindipita. Papaya uja wafika m'chifuwa mwanga tsopano. Loweruka likubwerali apongozi abwera ndi amayi awiri a pachitsime chija kudzamuona, iye ndi kanjira kake, ndipo akazi a a Njobvu ati adzawaperekeza okha kuchokera pathandala. Mpaka tsikulo ndikumulondera. Tebulo langa m'kalasi ndalisunthira pawindo loyang'ana kubwalo, ndipo lole iliyonse ikamveka pamsewu ndimasiya choko.